Alamu Alibe Manda

Amene anandilakwira ndi amalume anga, achimwene awo enieni a mayi anga, omwe anali kapitawo wa alonda pa esiteti ya tiyi imene inazungulira mudzi wathu. Anaima pambali pa mtembo wa alamu anga m'nyumba ya chisoni ku boma, nauyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako nauza wapolisi kuti munthuyo sakumudziwa. Ine ndinali pomwepo. Chifukwa cha mawu amenewo alamu anaikidwa ngati munthu wopanda kwawo, ndipo achemwali anga mpaka lero si mkazi wa munthu, komanso si wamasiye. Ndasankha kulemba chifukwa ndikamalankhula ndimafulumira kukweza mawu, ndiye anthu amangomva mkwiyo, nkhani osaimva.

Munthuyo kwathu kuno aliyense ankamutchula kuti alamu. Dzina lake silinkamveka pakamwa pa munthu, chifukwa pamzere wa sikelo kapena mu minibasi sudziwa amene wayandikana naye. Amayi othyola tiyi akanong'onezana kuti alamu adutsa, ndiye kuti mapaipi a kunazale asowa, kapena matumba a feteleza atuluka m'sitolo chitseko chili chokhoma. Kuyambira ku Changata mpaka kumsika wa Bvumbwe, achikulire ndi ana omwe, onse anali ndi alamu amodzi. Koma kwa ine silinali dzina lobisira. Anakwatira achemwali anga pamaso pa ankhoswe, namanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya mayi monga amachitira mkamwini aliyense. Nkhoswe ya mbali yathu anali amalume omwewo.

Alamu anachokera kutsidya kwa Ruo, kumene agogo athu nawonso anachokera kalekale. Anabwera kudzadula tiyi, ntchito ya chikwanje chokhota ija imene imagwiridwa nthawi yozizira, ndipo chikwanje chomwecho chinawadya nsonga ya chala cha mkombaphala kudzanja lamanzere. Ntchito yake inali ya nyengo. Tiyi akaphukira, anthu odula amauzidwa kuti adikire kunyumba. Tsono kudikira kunyumba kwathu kuno ndi kukhala pakhonde n'kumayang'ana tiyi wa eni ake atayalana mpaka kuphiri, pamene munda wa mayi ako ukhoza kuuponyera mwala kuchokera uku n'kukagwera kwa aneba.

Kumunsi kwa mabulugama a m'malire kunali chigwa cha esiteti chimene chinangogona, udzu wokhawokha, kuyambira ine ndisanabadwe. Chaka china alamu anatenga khasu nakalimamo. Sanabise. Ankapita m'mawa aliyense akuona, achemwali ali pambuyo ndi mbewu m'chitenje. Chimanga chinakula bwino, chakuda bii, ndipo chitayamba ngaiyaye alonda anabwera ndi zikwanje. Patsogolo pawo panali amalume. Ine ndinatola miyala, koma alamu anandigwira mkono. Anaima pachulu akuonerera mapesi akugwa mzere ndi mzere, ndipo atamaliza alonda aja anati, "Amalume, mwatopa. Pitani kunyumba mukamwe thobwa."

Sabata isanathe kanyumba ka alonda ka pageti la kumunsi kanapsa, ndipo alamu anawoloka Ruo. Moyo umene anthu amaukamba uja unayambira pamenepo.

Zimene ankanena zinali zambiri. Ankati mfuti ikawaloza imatulutsa madzi. Ankati agalu a esiteti akamva fungo lawo amagona chagada. Ena ankalumbira kuti anawaona akuthamangitsidwa m'munda wa tiyi, n'kungosanduka chitsamba cha tiyi pakati pa zinzake, moti alonda anazungulira tsiku lonse akumenya masamba ndi ndodo. Mayi wina wogulitsa kalongonda ankati tsiku la malipiro alamu anaima pamzere atavala ovolosi, nalandira envulopu m'manja mwa kalaliki amene ankawasaka, nathokoza. Ankatinso Ruo akadzaza, iwo amawoloka atakhala pa lichero.

Ine ndinkadziwa zina. Ndinkadziwa kuti agalu ankawaopa kwambiri, moti ankayenda ndi mitu ya usipa m'thumba kuti aziwaponyera. Ndinkadziwa kuti anali ndi zilonda za m'mimba, ndipo akabwera mozemba chinthu choyamba kupempha achemwali chinali soda wosungunula m'madzi. Zosanduka chitsamba zija panalibe mankhwala. Munthu amene anadulapo tiyi amadziwa kuti pamwamba ndi pophwatalala ngati tebulo koma pansi pali mphako zoti ukhoza kukwawa chamimba kuchoka munda uno kukatulukira munda wina, makamaka chiperoni chikatsika, pamene mlonda saona ngakhale nsapato zake zomwe. Mawondo awo anali ndi zipsera ngati a mbuzi.

Sindinganamenso kuti anali munthu wabwino. Anatema mlonda wina wachikulire wa m'mudzi woyandikana nafe, bambo amene ankangoyang'anira pampu kuti adyetse adzukulu, ndipo mkono wa bamboyo sunagwirenso khasu. Amene amati alamu ankabera esiteti kuti agawire osauka sanaone chimene achemwali ankalandira: mchere, kashuga ka kutsidya, nthawi zina chitenje. Zotsalazo zinkathera kumowa ndi kwa anyamata amene ankaba nawo. Zimenezi ndikuzidziwa. Komabe munthu woipa naye amaikidwa m'manda, ndipo mkazi wake amameta.

Sukulu ndinaisiyira mu sitandade seveni. Mnyamata wina anandifunsa pamzere wa phala ngati kapu yanga inali yogula kapena alamu anaibweretsa, ndipo ndinam'menya nayo kapuyo pakamwa mpaka dzino linagwa. Aphunzitsi anati ndibwere ndi kholo. Sindinabwererenso. Pa esiteti sakanandilemba, aliyense ankadziwa kuti ndine mlamu wa ndani. Ndinayamba kusenza nthochi kuchokera m'madimba kupita kumsewu, ndipo tsiku lina masana, ndili m'nthochi momwemo, ndinamva muluzu. Anali alamu, atakhala pa thunthu akusenda chinangwa chachiwisi.

Ndinawauza kuti anditenge.

"Ukatani kumeneko, alamu aang'ono?"

"Chimene mumachita inucho."

"Ine ndimagona m'tchire n'kumatsegula m'mimba. Umafuna chimenecho?"

Ndinati sindiopa munthu. Anaseka mpaka kutsokomola. "Vuto lake ndi limenelo. Iwe uli ndi mtima wapachala. Ine changa anadula kale, ona." Anandionetsa chala chodukacho. "Ntchito iyi imafuna wamantha. Wolimba mtima amafa sabata yoyamba. Khala, uziyang'anira achemwali akowo. Ali ndi pakati, wadziwa?"

Ndinali ndisanadziwe. Tsiku limenelo kunkazizira, ndipo anandivula jekete yanga yofiira, ya zipi yakufa, imene ndinagula pa kaunjika. Anati adzabweza. Aka kanali komaliza kuwaona akupuma.

Sanafe ndi mfuti ya esiteti. Anagwidwa tsiku la msika, kumunsi chakufupi ndi mtsinje, ali ndi mbuzi za mayi wina wamasiye. Anthu omwewo amene ankawatchula kuti alamu ndi amene anatola miyala ndi mitengo. Uthenga unabwera ndi mnyamata wa kabaza, amene anaima pabwalo osazimitsa njinga, nati apolisi atenga mtembo kupita nawo ku boma ndipo akufuna wachibale akauzindikire, chifukwa nkhope inali itawonongeka.

Achemwali anafuna kupita, koma amayi a m'mudzi anawagwira. Mayi woyembekezera saona mtembo. Mayi anga anatuma mwana kukaitana amalume ku malaini, nyumba za antchito a esiteti, chifukwa mwini mbumba ndi iwo, nkhoswe ndi iwo, ndipo pa nkhani ya maliro palibe amene angalankhule iwo asanalankhule. Anabwera atavula yunifolomu, atavala jekete ya kutchalitchi. Ine ndinangokwera nawo minibasi osafunsa. Njira yonse ankangoyang'ana tiyi pawindo.

M'nyumba ya chisoni munkazizira kuposa chiperoni. Wantchito wa mmenemo anakoka thireyi, navundukula nsalu. Nkhope inalidi yosazindikirika. Koma jekete inali yanga, yofiira, zipi yake yakufa. Dzanja lamanzere linali pamimba, chala choduka chija chili poyera. Amalume anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali. Tsiku limene chinaduka ndi iwo amene anawakweza alamu pa thirakitala kupita nawo kukiliniki.

Wapolisi anafunsa kuti, "Bambo, ndi ameneyu?"

"Bwana, munthu uyu sindikumudziwa."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinati, "Amalume, chala icho."

"Odula tiyi oduka zala ndi ambiri."

"Jekete iyo ndi yanga."

"Pa kaunjika pali jekete imodzi?"

Pamenepo ndinayamba kukuwa kuti awa ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga, ndipo ndinamenya thireyi ija ndi chibakera. Wapolisi anandigwira pakhosi pa malaya. Anafunsa chitupa changa, ndinalibe. Anafunsa kuti jekete yanga inafika bwanji pathupi la mbava, ngati sindine mmodzi wa anyamata ake. Amalume analowa pakati. "Mukhululukireni, bwana, ndi mphwanga. Mutu wake sukoka bwino, anasiya sukulu ndi matenda omwewa." Anandikokera panja ngati mbuzi.

Panja, pansi pa mtengo wa mango, anandiuza chifukwa chake. Manda a mtundu wathu ali pakati pa esiteti. Azungu akale pobzala tiyi anasiya kankhalango kamodzi ka mitengo yachilengedwe pamene pagona agogo athu, ndipo kukachitika maliro timapempha kuti atitsegulire geti. Wonyamula kiyi wa geti limenelo anali amalume.

"Ukufuna ndikaime pamaso pa abwana, ndinene kuti munthu amene anatentha kanyumba ka pageti lawo ndi mkamwini wanga, ndiye andilole ndimudutsitse pageti lomwelo? Mawa lake ine ndi ana anga tikagona kuti? Nyumba ija si yanga."

"Ndiye tikawaike kwawo kutsidya."

"Kuti mtembo utuluke muno ndiyenera kusaina kuti ndi wanga. Ndikasaina, basi, ndathera pomwepo. Iwe ulibe chotaya, n'chifukwa chake ukukuwa."

Ndinawauza kuti kunyumba ndikanena zoona. Anati kanene, tione amene amukhulupirire.

Anadziwa chimene ankanena. Titafika, bwalo linali litadzaza, amayi atayamba kale kulira chapansipansi. Amalume anaima pakati nati, "Ndayang'ana bwinobwino. Si iye." Kulira kunaduka. Wina kumbuyo anaseka. Ine ndinakuwa za chala ndi za jekete, koma ndinali mnyamata uja anagulula mnzake dzino chifukwa cha kapu, ndipo iwo anali kapitawo, munthu amene anakhala akusaka alamu zaka zonsezi. Ngati mdani wake weniweni akuti si iye, ndani angatsutse? Pofika madzulo nkhani inali itafika kumsika kuti anthu aja anapha chithunzi chabe, mwini wake anali atakhala pamwala kutsidya akuonerera, akusuta fodya.

Mtembo unakhala ku boma mpaka anatopa nawo. Ndinamva kuti unaikidwa ndi akaidi, kumalo kumene amaika anthu osowa abale. Ndinapitako patapita nthawi. Bambo wina wotchetcha anandilozera ndi chikwanje malo a udzu, nati ndi penapake apo. Panalibe mtumbira woti n'kuuloza, panalibe mtanda. Ndinaima pang'ono n'kubwerera.

Tsono tamverani chimene mawu a amalume anawachita achemwali anga. Kwathu mwamuna akamwalira, abale ake amabwera, maliro akatha anthu amameta, ndipo pakapita nthawi akuchimuna amamusudzula mkaziyo, kumuuza pamaso pa ankhoswe kuti ndi womasuka, akhoza kukwatiwanso. Popanda zimenezo ukadali mkazi wa mwini. Achemwali anandikhulupirira ine, chifukwa jekete ija anaiona alamu atavala. Koma sakanalira pabwalo maliro amene mwini mbumba wati kulibe. Analirira m'nyumba, nkhope ataikwirira m'bulangete kuti aneba asamve. Tsitsi sanamete. Mwana anabadwa, wamkazi, ndipo palibe wa kuchimuna amene anabwera kudzamuona.

Ndinaganiza zopita ndekha. Ndinawoloka Ruo pa bwato, ndinayenda wapansi mpaka kumudzi kwa alamu, ndinapeza mayi awo akusenda nandolo. Anandilandira bwino, m'Chilomwe chakuya chimene china ndinkangochimva mwa apo ndi apo. Ataitana amuna a pamudzipo ndinanena chimene ndinabwerera. Mkulu wina anandifunsa kuti wandituma ndani. Ndinati ndabwera ndekha. Anafunsa kuti nkhoswe ili kuti. Ndinati yakana. Anafunsa kuti manda ali pati kuti akaone. Ndinati sindikudziwa.

"Mwana iwe, maliro sanenedwa chonchi. Ifenso timamva za kumeneko. Tinamva kuti amalume ako anayang'ana nati si iye. Tsono tisudzule mkazi wa munthu wamoyo? Akadzabwera tidzamuuza chiyani?"

Mayi aja anati mwana wawo anaonekera ku Milanje mwezi wathawo, wina anamuona akugula matayala a njinga. Anandipatsa chinangwa chouma kuti ndipatse achemwali. Pobwerera ndinafuna kuchitaya mumtsinje, koma kunyumba kunalibe ufa.

Panali bambo wina wa ku Bvumbwe, Msilamu, woyendetsa kalole konyamula nthochi, munthu wofatsa amene mkazi wake anamwalira. Ankaima pamsewu pamene achemwali ankagulitsa mapeyala, ndipo ankabweretsera mwana uja mabisiketi. Anafika potumiza mawu kwa mayi. Kenako anzake pa siteji anayamba kumuseka kuti, "Ajiba, mukufuna kulowa m'nyumba ya alamu? Galimotoyi muilembetseretu ana." Tsiku lina anapeza tayala litaphwa, mwina ndi msomali chabe, koma sanaimenso pamsewu wathu. Sindimuda. Anafunsa chinthu chimodzi chokha, kuti amuonetse kuti mkaziyo anasudzulidwa, ndipo ife tinalibe choonetsa.

Mpaka lero pa esiteti pakasowa paipi kapena thumba la makadamiya, anthu amati alamu adutsa. Anyamata amene amaba zinthuzo amakondwa, chifukwa mlandu umagwera munthu amene sangagwidwe. Apolisi akabwera amayambira nyumba ya achemwali, kutembenuza mphasa, kufunsa kuti amuna anu abwera liti. Mwana uja wayamba sukulu ya mkaka, ndipo anzake amamufunsa ngati bambo ake amasandukadi tiyi. Iye amati eya. Achemwali anasiya kumuletsa.

Amalume ntchito ija inawathera ndithu. Esiteti inabweretsa alonda a kampani ya m'tauni, anyamata a mabuti ndi mawailesi, ndipo akale onse anauzidwa kuti atuluke m'malaini. Nyumba imene anakanira alamu inapatsidwa kwa wina. Akazi awo anapita kwawo ndi ana. Iwo anabwera kumudzi ndi matilesi ndi wailesi, miyendo itatupa ndi matenda a shuga, nafikira m'kanyumba komwe kaja kamene alamu anamanga, chifukwa ndi kokhako kamene kanali ndi malo. Achemwali anasamukira kwa mayi. Mayi anandiuza kuti ndiwafolerere denga, ndipo ndinafolera, chifukwa mayi ndi mayi.

Ndinaganiza kuti tsopano, poti alibenso chotaya, anena. Ndinadikira. Ndinadziletsa kwambiri, ine amene sindidziwa kudziletsa. Kenako m'mawa wina wa chiperoni, ndikuchokera kodula nthochi, ndinawapeza pakhonde akuwotha moto wa zitsononkho, atazunguliridwa ndi anyamata a kabaza amene anabisala mvula yowaza ija. Ankawafotokozera za alamu. Ankati iwo eni ake anawathamangitsapo m'munda wa kumtunda, nawagwira malaya, m'manja n'kutsala masamba a tiyi okhaokha. Anyamata aja anali kukamwa yasa. Mmodzi anafunsa za mtembo uja.

"Ndinauyang'ana ine ndi maso angawa," anatero amalume. "Sanali iye. Ujeni uja safa wamba."

Wina anawapatsa ndudu. Achemwali anali pamtondo chapafupi, akusinja, ndipo sanadzutse mutu.

Ndinatula nthochi. Ndinadikira kuti anyamata aja apite, chifukwa sindinafune kuti anene kuti wamisala uja wayambanso. Ndinakhala pansi, pamalo pamene mphwa amakhala, ndipo ndinalankhula motsitsa mawu kuposa mmene ndinalankhulirapo moyo wanga wonse. Ndinawapempha kuti tiwoloke limodzi. Ndinati ndiwakweza pa njinga mpaka padooko, pobwera ndiwabereka ngati miyendo ikana. Akangonena kwa akuchimuna mawu awiri, kuti munthu uja anamwalira, ndinamuona. Basi. Achemwali amete, asudzulidwe, akhale munthu.

Anakoka ndudu ija. "Mphwanga, kunama kupolisi ndi mlandu. Ukufuna ndikafere kundende ndi miyendo iyi?"

"Kutsidya kulibe polisi ya kuno."

"Mawu amawoloka. Komanso abwana anati zinthu zikasintha atiitananso akalefe."

"Sakuitanani, amalume."

"Nanga anthu andiona bwanji? Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti si iye." Anayang'ana kumtondo kuja, kenako pamoto. "Zisiye mmene zililimu. Mwana uja akukula akudziwa kuti bambo ake ali moyo. N'choipa chimenecho? Iwe ukadzakula udzamvetsa. Tandithyolera nthochi imodzi apo."

Mtondo unali utasiya kulira. Sindinatembenuke kuti ndione nkhope ya achemwali. Manja anga ndinawakhalira kuti asachite zimene amachita. Ndinayang'ana miyendo yotupa ija, zala zake zitayamba kuda. Kwathu amalume akamwalira, amene amaitanidwa kukaona nkhope, kusaina, ndi kupempha kiyi wa geti la kumanda ndi mphwa wawo wamwamuna. Iwo ali ndi mmodzi yekha.

Ndinati, "Amalume, miyendo iyi sikufikitsani patali, mukudziwa inunso. Tsiku limene adzakoke thireyi n'kuvundukula nsalu, adzaitana ine. Ndidzakuyang'anani bwinobwino, kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ngati mmene munayang'anira inu. Ndiye ndidzati, bwana, munthu uyu sindikumudziwa."